Njuchi Imodzi ndi Asilikali Opanda Wowaletsa

Amalume anga anafula uchi kwa zaka zoposa 20 m'mapiri a ku Ntchisi, ndipo m'zaka zonsezo njuchi zinawaluma kosawerengeka, moti ife ana tinkakhulupirira kuti khungu lawo linasiya kalekale kumva ululu. Ankapita ku ming'oma yawo dzuwa litangolowa, muuni wa udzu kumanja, ndowa kumanzere, ndipo akabwerako ankakhala pakhonde n'kumazula mbola m'mikono ndi chikhadabo ngati munthu amene akuchotsa chisoso pa thalauzi. Msana utayamba kuwavuta anasiyira ming'omayo mwana wawo wamkulu, ndipo panapita zaka zingapo asanalumidwenso.

Tsiku limene ndikufuna kufotokoza linali la mu Okutobala, nyengo imene madzi amasowa ndipo njuchi zimadzazana pa mijigo ndi pa mabeseni otsukira mbale. Ine ndinali nditapita kumudzi kukaona anthu. Amalume anapita kukasamba m'manja kuseri kwa nyumba, njuchi imodzi inawaluma pa dzanja, iwo anaiphwanya n'kuseka, n'kubwerera pa mpando wawo. Pasanathe mphindi 5 ndinawaona akukanda zikhatho ndi kumapazi, zomwe zinandidabwitsa chifukwa njuchiyo sinafikeko. Kenaka pakhosi ndi pachifuwa panatuluka zidzolo zikuluzikulu zotukuka, milomo inatupa, ndipo atafuna kundiitana mawu anatuluka osasa ngati a munthu amene wachezera kuimba pamaliro. "Mphwanga, mpweya ukundichepera," anatero, ndipo atayesa kuimirira anagwa.

Chimene chinawapulumutsa n'chakuti mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto anali pafupi, ndiponso kuti chipatala chaching'ono cha m'dera lathu sichili kutali. Tinawaika pakati, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno, ndipo njira yonse ndinkamva m'chifuwa mwawo mukulira ngati mluzu. Adokotala amene tinawapeza sanachulutse mafunso. Atangomva kuti ndi njuchi ndi kuona milomoyo, anathyola kabotolo kakang'ono ka mankhwala otchedwa adrenaline, n'kubaya jakisoni pa ntchafu, chakunja kwake. "Bambo, musadzuke, gonani chomwecho," anatero uku akukweza miyendo ya amalume pa pilo. Patapita mphindi zochepa mluzu uja unayamba kuzirala, ndipo maso amene anali atatembenuka anayambanso kutizindikira. Anawagoneka usiku umodzi, poti vutoli nthawi zina limabwereranso pakapita maola angapo ngakhale munthu asanalumidwenso.

Kumudzi nkhani inali itagamulidwa kale: njuchi imeneyo inali yotumidwa. Sindiwaseka anthu amene ananena zimenezi, chifukwa funso limene linawavuta linali loona. Zingatheke bwanji kuti munthu amene njuchi zambirimbiri zinamulephera agwetsedwe ndi imodzi yokha? Ululu wa njuchi imodzi ndi kadontho kosakwana n'komwe kupha nkhuku. Ngati ululuwo sukanatha kuchita zimenezi, ndiye kuti chinachita ndi china, ndipo chinacho chinali kale m'thupi mwa amalume.

Funso lomweli linadabwitsa akatswiri awiri a ku France, Charles Richet ndi Paul Portier. Mu 1901 anakwera sitima yapamadzi ya Kalonga Albert wa ku Monaco kukafufuza ululu wa tizamoyo tina ta m'nyanja timene timaluma osambira, ndipo atabwerera ku Paris anayesa kuzoloweza agalu ululu wofanana nawo powabaya pang'onopang'ono, poganiza kuti agaluwo atetezeka monga zimakhalira ndi katemera. Zinachitika ndi zosiyana. Galu wina dzina lake Neptune, amene anapirira bwinobwino jakisoni woyamba, atabayidwa kamlingo kakang'ono patapita masabata angapo anayamba kubanika, kusanza ndi kutsekula m'mimba, n'kufa pasanathe ola limodzi. Mu 1902 akatswiriwa anatcha zimenezi anaphylaxis, mawu a Chigiriki otanthauza chotsutsana ndi chitetezo, ndipo Richet analandira mphoto ya Nobel mu 1913. Chapafupi nthawi yomweyo dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, anaona kuti ana obayidwa mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi a akavalo ankatuluka zidzolo ndi kutentha thupi, ndipo akabayidwa kachiwiri zizindikirozo zinkabwera msanga kuposa poyamba. Iye ndi amene anapeka mu 1906 mawu akuti allergy, omwe ife timati kuwengedwa. Mfundo imene onsewa anaipeza inali yovuta kuimeza pa nthawi imene dziko linali kusangalala ndi katemera: kukumbukira mdani, komwe kumatiteteza ku chikuku, ndi komwenso kungathe kutipha.

Mmene zimayendera m'thupi ndi motere. Chinthu chachilendo chikalowa, kaya ndi ululu wa njuchi, mungu wa maluwa kapena puloteni ya m'dzira, maselo ena a chitetezo amachitola n'kukachionetsa kwa anzawo, ndipo pamenepo pamagamulidwa mlandu wakuti chinthucho n'choopsa kapena chingolekedwa. Mwa anthu ambiri chimalekedwa. Mwa ena chigamulo chimapotoka, ndipo thupi limapanga timapuloteni togwira adani, ma antibody, a mtundu wotchedwa IgE, ozindikira chinthu chimenecho chokha. Mtundu umenewu ndi wochepa kwambiri m'magazi moti unadzapezeka mochedwa, mu 1966 ndi 1967, pa ntchito ya Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver komanso ya Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala. Ma IgE amakamatirira pa maselo otchedwa mast, amene amachuluka pakhungu, m'mphuno, m'njira za mpweya ndi m'matumbo, ndiye kuti pa zipata zonse zolowera m'thupi. Selo lililonse la mast ndi lodzaza ndi timatumba ta mankhwala, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi histamine. Kufikira pamenepa munthu samva chilichonse. Diwa langotcheredwa, mwala uli m'mwamba, ndipo ukhoza kukhala choncho zaka.

Tsiku limene chinthu chija chidzalowenso n'kukhudza ma IgE, maselo a mast amakhuthula timatumba tawo nthawi imodzi. Mitsempha ya magazi imatakasuka n'kuyamba kuchucha madzi, choncho khungu limatupa, timinofu tozungulira njira za mpweya timafinyika, mitsempha ya pakhungu imayamba kuyabwa, mamina amachuluka. Zikachitikira m'mphuno mokha, munthu amangoyetsemula ndi kutuluka misozi ngati wa chimfine chosatha. Zikachitikira thupi lonse, monga mwa amalume, magazi amathawira m'mitsempha yotakasukayo, kuthamanga kwake kumatsika, kukhosi kumatsekeka, ndipo munthu akhoza kufa m'mphindi zochepa. Adrenaline amabweza zonsezi pamodzi: amafinya mitsempha ya magazi, amatsekula njira za mpweya, ndipo amaletsa maselo a mast kupitiriza kukhuthula. Piritoni, amene ambiri timathamangira tikaona zidzolo, amangotchinga histamine ndipo amachedwa kugwira. Pa kuyabwa amathandiza, koma munthu amene watupa milomo ndipo akubanika asamwetsedwe piritoni n'kumudikira, athamangitsidwe kuchipatala.

Nanga bwanji amalume sanagwe m'zaka 20 zija? Ofufuza anapeza kuti alimi a njuchi amene amalumidwa kawirikawiri amapanga mtundu wina wa antibody, IgG4, umene umagwira ululu usanafike pa ma IgE, ndipo chitetezo chimenechi chimatsika munthu akakhala nthawi yaitali osalumidwa. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti kupuma kwawo kuja ndiko kunawavula chishango.

Chichewa chili ndi mawu ake pa nkhani imeneyi, ndipo mawuwo amandisangalatsa chifukwa cha mmene amagawira mlandu. Timati "nyama ya nkhumba imandiwenga," "mazira amamuwenga mwanayu," ndipo zotulukazo timati ziwengo. M'chiganizo chotere wochita ndi nkhumba kapena dzira, munthu ndi wongochitiridwa. Koma dzira lomwelo mnzako wadya n'kupita kukalima. Wochita weniweni ndi thupi la mwiniwake. Kuti kusiyanaku kumveke, taganizani za chitedze. Chitedze chimayabwa aliyense, mfumu ndi mlendo yemwe, ngakhale amene akuchikhudza koyamba, chifukwa ubweya wake uli ndi mankhwala amene amaputa okha mitsempha ya pakhungu. Kuyabwa kwa chloroquine, kumene akuluakulu ambiri amakukumbukira kuchokera nthawi imene Malawi anali asanasinthire ku Fansidar mu 1993, nakonso sikunali kuwengedwa kwenikweni, n'chifukwa chake piritoni kawirikawiri sankakuthetsa. Ngakhale mkaka umene umatsekula m'mimba anthu akuluakulu ambiri sukhudzana ndi chitetezo. Matumbo awo amangolephera kugaya shuga wa mu mkakawo. Utomoni wa mango ndiye nkhani ina: umatulutsa zilonda pa milomo ya ana ena okha, patapita tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa pamenepo ogwira ntchito ndi maselo otchedwa T amene amafika mochedwa. Tonsefe timaziika m'dengu limodzi la ziwengo, ndipo zotsatira zake n'zakuti ana ena amamanidwa mazira ndi nsomba popanda chifukwa, pamene ena amene ali pangozi yeniyeni sadziwika.

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kulemba. Mbadwo wanga unaphunzira za chitetezo cha m'thupi kudzera mu Edzi. Pa wailesi, kusukulu ndi kusikelo tinauzidwa za asilikali a m'thupi, kuti kachilombo kamawapha, kuti chiwerengero cha CD4 chikatsika munthu ali pangozi, chikakwera wapulumuka. Fanizo limenelo linapulumutsa anthu ambiri ndipo sindilinyoza. Koma linatisiyira maganizo akuti asilikali akachuluka ndi kukwiya ndiye kuti zili bwino, ndipo pa maganizo amenewa ndi pamene ogulitsa mabotolo m'mabasi ndi m'misika amadyera, ndi mawu awo akuti "owonjezera chitetezo." Ndikamva mawu amenewa ndimakumbukira milomo ya amalume. Tsiku limene lija chitetezo chawo sichinkaperewera chilichonse. Chimene chinasowa ndi wowaletsa asilikaliwo.

Odwala mphumu amadziwa zimenezi ndi chifuwa chawo. Mwa ambiri a iwo njira za mpweya zimakhala zotupa mkati nthawi zonse chifukwa chitetezo chikulimbana ndi zinthu zosalakwa, monga tinthata tosaoneka ndi maso ta m'matiresi ndi m'mabulangete, zitosi za mphemvu, chuku cha m'makoma achinyontho, ndipo utsi wa nkhuni kapena fumbi la m'chilimwe zimangosonkhezera moto umene ulipo kale. Mankhwala opopera m'kamwa a salbutamol amatsekula njira pa nthawi yobanika, koma otupawo amaziziritsidwa ndi ena, monga beclometasone, amene ntchito yawo ndi kutontholetsa chitetezo m'mapapo tsiku ndi tsiku. Ndaonapo makolo akubisira mwana mankhwala opoperawa poopa kuti azolowera, mwanayo n'kumachezera atakhala tsonga.

Funso lakuti n'chifukwa chiyani thupi lili ndi chida choopsa chotere lili ndi yankho limene ife a kuno tiyenera kulimva msanga kuposa a ku Ulaya. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti IgE ndi maselo a mast ntchito yawo yakale ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba, likodzo, nkhupakupa ndi ululu wa zoluma. Nyongolotsi ndi yaikulu kwambiri moti selo silingaimeze; njira yake ndi kuikokolola ndi mamina, kutsekula m'mimba, kutsokomola ndi kukanda, zomwe ndi zizindikiro zomwezo za kuwengedwa. Nazo nyongolotsizo, pokhala m'matupi a anthu kwa mibadwo yosawerengeka, zinaphunzira kuziziritsa chitetezo kuti zisapirikitsidwe. Kafukufuku wa ku Gabon wofalitsidwa mu 2000 anapeza kuti ana odwala likodzo, la mtundu womwewu umene uli m'madera ena a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, khungu lawo silinkatupa kawirikawiri akayesedwa ndi tinthata ta m'fumbi poyerekeza ndi anzawo opanda likodzo. Pasapezeke wonena kuti likodzo ndi labwino. Limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo ana ayenera kulandira mankhwala ake. Koma zikuonetsa kuti chitetezo chimakhala ndi khalidwe molingana ndi amene chakula nawo.

Ku Britain David Strachan anaona mbali ina ya nkhani yomweyi mu 1989. Atasanthula mbiri ya ana oposa 17,000 obadwa mu 1958, anapeza kuti mwana amene ali ndi akulu ake ambiri sankadwala kawirikawiri chimfine cha mungu, ndipo anaganiza kuti tizilombo timene ana amapatsirana m'banja lalikulu timaphunzitsa chitetezo kudziletsa. Ena anapotoza mfundoyi n'kumati uve ndi mankhwala, zomwe m'dziko la kolera ndi nthabwala yoopsa. Kusamba m'manja ndi kumwa madzi aukhondo sizinawengetse munthu. Zimene zikuoneka kuti zimathandiza ndi tizilombo tosavulaza ta m'nthaka, ta pa ziweto, ta m'matumbo a mayi ndi ta mu mkaka wa m'mawere, timene mwana amakumana nato m'miyezi yake yoyamba.

Nkhani ya mtedza ndi imene imandimwetulitsa. Kwa zaka zambiri makolo a ku Britain ndi ku America ankalangizidwa kuti ana amene ali pangozi asalawe mtedza ali aang'ono, ndipo chiwerengero cha owengedwa sichinatsike. Gideon Lack ndi anzake a ku London anaona kuti ana Achiyuda a ku Britain ankawengedwa ndi mtedza kuwirikiza pafupifupi ka 10 kuposa a ku Israel, kumene makanda amapatsidwa chakudya cha mtedza chotchedwa Bamba. Anayesa makanda 640, theka kudya mtedza, theka kusadya, kufikira zaka 5, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti kudya msanga kunachepetsa vutoli ndi pafupifupi 80 peresenti. Malangizo anasinthidwa. Agogo anga, amene ankathira nsinjiro m'phala la mwana aliyense wongoyamba kudya, sakanamvetsa kuti pamenepa panafunika kafukufuku. Zimenezi sizikutanthauza kuti mwana amene watupa kale atadya mtedza aumirizidwe. Ameneyo ndi wa kuchipatala.

Kuwengedwa ndi mbali imodzi chabe. Pali matenda amene chitetezo chimalakwitsa mdani n'kutembenukira mwini nyumba, ndipo amodzi mwa iwo ndi ofala kuno kuposa mmene timaganizira. Mwana amadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus, amachira yekha, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu mfundo zimayamba kutupa ndi kuwawa, lero bondo, mawa chigongono. Chachitika n'chakuti mbali zina za bakiteriyayo zimafanana ndi minofu ya mtima, ndipo asilikali amene anaphunzitsidwa kumusaka ayamba kuluma zitseko za mtima wa mwanayo. Zikabwerezedwa kangapo zitsekozo zimauma kapena kuyamba kudontha, ndipo timadzamuona ali mnyamata wa ku sekondale wotupa miyendo, wolephera kukwera kamtunda. Penisilini wa pa nthawi yake akanaletsa zonsezi, ndipo amene wagwidwa kale amafunika jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. M'gulu lomweli muli shuga wa ana, pamene chitetezo chimapha maselo opanga insulini imene imatsitsa shuga m'magazi, nyamakazi yopindika zala, ndi lupus, imene imagwira kwambiri amayi.

Ngakhale pa Edzi pomwepo fanizo la asilikali linatiphonyetsa kanthu. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, mabanja ena anaona zodabwitsa: wodwala amayamba mankhwala, ndipo pakapita masabata ochepa m'malo mopeza bwino thupi limatentha, anabere a m'khosi amatupa, chifuwa chimakula. Msuweni wanga zinamuchitikira, ndipo azakhali anafuna kumuletsa mankhwalawo ponena kuti akumuwenga. Anamwino anawafotokozera kuti chitetezo chimene chinali chitagona chadzuka, chapeza chifuwa chachikulu chimene chinabisala, ndipo chikumenya nkhondo mopyola muyeso. Madokotala amatcha zimenezi IRIS. Anapitiriza ma ARV pamodzi ndi mankhwala a chifuwa chachikulu ndipo anachira. Pa matenda oumitsa khosi oyamba ndi kachilombo kotchedwa cryptococcus ngoziyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa kutupa kumachitikira m'mutu mopanda malo, moti bungwe la WHO limalangiza kudikira masabata 4 mpaka 6 wodwala asanayambe ma ARV. Pa COVID-19 zinaonekanso chimodzimodzi: ambiri amene anafika pobanika kwambiri mapapo awo ankawonongeka ndi kutupa kochokera ku chitetezo chawo chomwe, ndipo mu Juni 2020 ofufuza a ku Oxford analengeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otsika mtengo oziziritsa chitetezo, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina.

Wowaletsa uja alipo, ndipo ali ndi dzina. Mu 1995 Shimon Sakaguchi wa ku Japan anaonetsa kuti pakati pa maselo a T pali kagulu kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo kuukira thupi. Mu 2001 Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell anapeza jini (kachidutswa ka malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) yotchedwa FOXP3, imene ikawonongeka kaguluka sikagwira ntchito; ana aamuna obadwa ndi vutoli amadwala matumbo, khungu ndi shuga ali makanda, chitetezo chawo chikuwadya. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2025. Chimene chinandikhudza nditawerenga n'chakuti maselo oletsawa nawonso ndi a CD4, omwe aja tinkawawerenga pa kapepala ka kuchipatala n'kumaganiza kuti onse ndi onyamula mikondo.

Kumayiko olemera munthu ngati amalume amayenda ndi jakisoni wa adrenaline wodzibaya yekha, ndipo akhoza kulandira tizigawo ta ululu wa njuchi mwa ndondomeko kwa zaka 3 mpaka 5 kufikira thupi litazoloweranso, ntchito imene ming'oma yawo inkawachitira mwaulere. Kumudzi kwathu zimenezo kulibe. Chimene ali nacho ndi mawu amene adokotala aja analemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku lawo la kuchipatala, nambala ya foni ya mnyamata wa kabaza imene azakhali anailemba ndi khala pakhoma la khitchini, ndi lamulo lakuti beseni lotsukira mbale lizivundikiridwa. Nyengo yofula ikafika amakhala m'nyumba, zenera lotseka, n'kumafuulira mwana wawo malangizo a kagwiridwe ka muuni amene mwanayo anawadziwa kale. Uchi ukafika amaudya ndi chala m'ndowa momwemo, atayamba ayang'anitsitsa ngati m'zisa simunatsalire njuchi.